Msonkho kapena chopereka cha kumtima: ntchito za tonse azilipira ndani?

Wa Txopela: Moni nonse apagulu. Ndili ndi funso koma musandigende. Bwanji boma lathu la Mozambique lingosiyiratu kutolera msonkho, aliyense azilipira yekha chimene akugwiritsa ntchito? Wofuna sukulu alipire sukulu, wodwala alipire chipatala, wagalimoto alipire msewu. Zotsalazo azipereka amene mtima wamuuza, monga timachitira kutchalitchi. Kwathu tchalitchi tinamanga tokha, njerwa zootcha, malata, simenti pansi, popanda wapolisi woima pakhomo pa munthu. Sukulu ili chapafupi pomwepo ana a kalasi yoyamba akukhalabe pansi pa mtengo. Ndiye ndalama imene imagwira ntchito ndi iti, yokakamiza kapena ya kumtima?

Mlimi wa Kachewere: Kkkk mwadzuka nazo lero alamu. Kodi layisensi ya txopela, kanjinga kanu kamoto ka matayala atatu konyamula anthu kaja, yatha?

Wa Txopela: Yatha kumene, n'chifukwa chake mutu ukugwira ntchito. Koma funso liyankheni.

NaPhiri wa Mjigo: Achimwene, ine ndikuyankhani ndi kope lomwe lili m'nyumba mwanga muno. Ndine msungichuma wa komiti ya madzi kumudzi kwathu. Mjigo wathu ndi wa Afridev uja. Okumba atamaliza anatiuza kuti madzi ndi anu, kukonza n'kwanunso. Tinagwirizana pabwalo kuti khomo lililonse lizipereka mametikali 20 pamwezi, mwakufuna, pasakhale wokakamiza mnzake. Miyezi yoyambirira kope linkadzaza, ena mpaka kulipiriratu. Anthu anali akukumbukirabe madzi a kudambo onunkha ndowe aja.

Itafika Januwale, nkhokwe zapepuka, kandalama konse kapita ku feteleza, mayina anayamba kuchepa. Pofika Malichi otsala anali omwe aja osajomba pa chilichonse. Koma kutunga ankatunga onse. Tsono mjigo sudziwa kuti kunja kuli njala. Timaraba ta m'kati timatha basi, ndodo zimaduka, chogwirira chimayamba kugwedera. Tsiku lina m'mawa tikupopa, phokoso lokhalokha, madzi osatuluka. M'kope munali ndalama yosakwana ngakhale kuitanira mekaniki, osanena zokagula zipangizo ku Ulongwe. Tinabwerera kudambo, ana n'kuyambanso kutsegula m'mimba.

Titaukonza amfumu analamula kuti tiike unyolo ndi loko. Kiyi ali ndi ine. Wosalipira satunga, kupatula nkhalamba ndi amasiye amene tinawalemba padera. Tsopano ndikufunseni inuyo: chimenechi n'chopereka cha kumtima kapena ndi msonkho? Anthu amanditukwana ine chimodzimodzi mmene inu mukutukwanira a ku Maputo.

Mkulu wa Mpingo: Mayi NaPhiri mwanena zoona. Ndipo inu a Txopela, za kutchalitchi musazikometse kwambiri, ine ndili m'katimo. Wapolisi sitituma inde, koma tili ndi khadi. Chopereka cha pamwezi chimalembedwa, masika amalembedwa, ya chitukuko imalembedwa, ndipo Lamulungu mayina amawerengedwa mpingo wonse ukumva. Aliyense amadziwanso kuti khadi likakhala ndi mipata yambiri, tsiku la maliro ake akuluakulu amayamba akhala kaye pansi kukambirana ngati kwaya iimbe kapena ayi. Kumudzi n'chimodzimodzi. Mbale ya ufa wa pamaliro timati ndi yachifundo, koma tayesani kujomba kawiri katatu muone ngati adzukulu adzagwire khasu maliro akadzagwa kwanu.

Chimene chimatolera ndalama kumeneko ndi manyazi, ndipo manyazi amagwira ntchito chifukwa timadziwana nkhope. Munthu wa ku Zumbo sangachite nane manyazi ine wa ku Angónia, sitinaonanepo. Nanga za msewu wotilumikiza awirife atolere ndani?

Wa Txopela: Ndamva abambo. Koma kutchalitchi ndalama yanga ndimaiona. Ndikapereka lero, mwezi wamawa ndikuona zenera. Ya msonkho ndimaona chiyani?

Mlimi wa Kachewere: Apo ndiye mwalasa. Ine msonkho ndimaudziwira pa senya, tikiti ya pamsika ija. Ukangotsitsa thumba, wakabuku wafika kale, sudziwa n'komwe kuti watulukira kuti. Koma za chimbudzi cha pamsikapo musandifunse, ena akudya.

Aphunzitsi Opuma: Ana anga, ndiloleni ndiyale kaye misonkhoyi, chifukwa tikusakaniza. Pali uja wa pamutu wolipira kamodzi pachaka. Okhala kumidzi amalipira IRN, Imposto de Reconstrução Nacional, umene mafumu ndi masekeretale amathandiza kutolera. Okhala mu município monga Ulongwe, Moatize kapena Tete amalipira IPA, Imposto Pessoal Autárquico. Umenewu ndi umene umatiwawa chifukwa amabwera nawo pakhomo, koma kandalama kake n'kochepa zedi poyerekeza ndi zimene boma limagwiritsa ntchito. Waukulu umene nonse mukulipira osauona ndi IVA, msonkho wa pa zogula. Unali 17%, kuyambira Januwale 2023 uli pa 16%. Thumba la simenti, lata, batire, kirediti ya foni imene mukulembera mauthengawa, monsemo muli IVA. Inu a Txopela, lita iliyonse ya petulo imene mumathira ili ndi msonkho wake, ndipo gawo lina limapita ku Fundo de Estradas ya misewu. Olembedwa ntchito amawadula IRPS, msonkho wa pa zimene munthu amapeza, malipiro asanafike m'manja. Ogula magetsi olipiriratu a Credelec m'tauni muyang'ane kalisiti kanu, mupezamo ya zinyalala ndi ya wailesi.

Tsono za sukulu. Ine ndinaphunzitsa nthawi imene makolo ankalipira matrícula, ndalama yolembetsera mwana, kupulayimale. Bambo wa ana asanu ankasankhapo awiri, kawirikawiri anyamata, enawo kubusa kapena kulera makanda. Boma litachotsa malipirowo, kuyambira chaka cha 2005, makalasi anasefukira. Ana amene mukuwaona pansi pa mtengowo ambiri ndi omwe kale sakanaponda n'komwe pasukulu. Sindikuti mtengo ndi kalasi yabwino, ayi. Koma mukati wofuna sukulu alipire, pansi pa mtengopo padzakhala popanda mwana, inu n'kumati vuto latha.

Njerwa makolo angathe kuumba, ndipo timaumba. Koma mphunzitsi amadya mwezi ndi mwezi mpaka kukalamba, kenako penshoni ngati ine pano. Mbale ya zimenezo adzaiyendetse ndani mu Febuluwale?

Mayi a Tadala: Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, mawu oti sukulu yaulere amandipsetsa mtima. Akuti mpaka kalasi 9 palibe kulipira. Koma chaka chino ndapereka ya mlonda, ya mapepala a mayeso, njerwa ndaumba, mchenga ndasenza pamutu, yunifolomu pambali. Amati n'zosakakamiza, koma mwana akungotulukira kunyumba dzuwa lili pamutu kuti andibweza. Ndiye ife tikulipira kawiri, msonkho kusitolo, chopereka kusukulu. A Txopela akuti tisankhe chimodzi. Ine ndikuti bola chikanakhaladi chimodzi.

Aphunzitsi Opuma: Mayi, pamenepo sindikutsutsani. Lamulo la maphunziro la 2018 linanenadi kuti kalasi 1 mpaka 9 mwana aliyense ayenera kuphunzira, osalipira. Palinso ndalama yotchedwa ADE imene imatumizidwa kusukulu mwachindunji, yogulira choko, makope ndi kukonzera tinthu ting'onoting'ono, ndipo conselho de escola, komiti ya sukulu momwe muli makolo, iyenera kudziwa kuti yabwera zingati ndipo yagula chiyani. Imachepa, nthawi zina imachedwa, n'chifukwa chake akuluakulu a sukulu amatembenukira kwa inu. Koma makolo ambiri amalowa mu conselho n'kumangowomba m'manja.

Mdzukulu wa Agogo ku Domwe: Ndawawerengera agogo aamuna zonsezi, akuti ndilembe mawu awo mmene akunenera. Akuti inu ana msonkho simukuudziwa. Nthawi ya Apwitikizi unali msonkho wa nyumba, ndipo ukalephera sipayo, apolisi a Apwitikizi aja, ankabwera ndi chingwe. Kuboma ankakumenya m'manja ndi kathabwa kobowolabowola kaja kotchedwa palmatória mpaka manja kutupa osatha kugwira nsima. Kenako chibalo, kukalima msewu kapena kukagwira m'minda ya azungu miyezi isanu ndi umodzi. Mabanja ambiri anathawira ku Nyasaland chifukwa cha zimenezi, n'chifukwa china abale athu ali mbwee ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ndalamayo sinkamangira mwana wa kumudzi sukulu, sukulu zathu zinali za amishoni. Akuti chowawa kwambiri chinali chakuti sukanatha kufunsa kuti ikupita kuti. Lero pakamwa muli napo, mafoni muli nawo, ndiye m'malo mofunsa mukufuna kuthawa ngati ife?

Akutinso amene akufuna kuona dziko lopanda msonkho akanabwera kuno nthawi ya nkhondo, mtendere wa 1992 usanabwere. Wotolera msonkho kunalibe ngakhale mmodzi. Kunalibenso mphunzitsi, namwino kapena basi. Mudzi wonse unali kutsidya, pamzere wa ufa wachifundo.

Wa ku Joni: Agogo muwapatse moni, mawu awo ndi olemera. Koma muwauze kuti kufunsa tinafunsa. Mu 2013 ndi 2014 anthu ochepa anakongola ndalama zokwana madola 2 biliyoni m'dzina la makampani atatu, Ematum, ProIndicus ndi MAM, boma n'kusainira kuti zikavuta lidzabweza ndilo, aphungu a Nyumba ya Malamulo asanavomereze. Zitaululika mu 2016, IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo la bajeti, metikali inagwa chagada, dola imene mu 2014 inali cha m'ma 30 inadutsa 70. Ine ndinanyamuka kubwera kuno nthawi imeneyo, kabaraka, kagolosale kanga, katagwa. Amene anali nduna ya zachuma, Manuel Chang, anamangidwa kuno ku South Africa mu Disembala 2018, ndipo khoti la ku New York linamupeza wolakwa mu 2024. Ku Maputo ena anagamulidwa mu Disembala 2022, pamodzi ndi mwana wa pulezidenti wakale Guebuza. Chabwino, ena alowa m'ndende. Nanga ndalama? Maboti ogwirira nsomba aja anangochita dzimbiri padoko la Maputo. Ndiye munthu akandiuza kuti msonkho ndi wabwino chifukwa umalipira aphunzitsi, ndimati inde, umabwezanso ngongole imene ine sindinanyambite nawo.

Achimwene a ku Moatize: Onjezani izi. Tete si chigawo chosauka. Damu la magetsi la Cahora Bassa lili konkuno, mphamvu yake mamegawati 2,075, ndipo kuyambira 2007 gawo lalikulu la HCB, kampani yoyendetsa damuli, lili m'manja mwa dziko lathu. Magetsi ambiri amapita ku South Africa, mwina ndi omwe a ku Joni akutchajira foni panopa. Malasha a mgodi waukulu wa kuno anayamba kutuluka mu 2011, poyamba ndi kampani ya Vale, kuyambira 2022 ya Vulcan, ndipo sitima zimawanyamula usiku ndi usana kupita kudoko. Fodya wa ku Angónia, Macanga ndi Chifunde amakonzedwa pafakitale ya mumzinda wa Tete. Onsewa msonkho amalipira, koma umayamba wakagona kaye m'thumba la ku Maputo. Chimene chinkabwerera kumidzi ya kumigodi kuyambira 2013 chinali 2.75% ya msonkho wa zokumbidwazo. Kenako anasintha kuti ikhale 10%, ndiye kuti 7.25% ya chigawo ndi madistrito, 2.75% ya midzi. Anthu amene anasamutsidwira ku Cateme anachita kutseka njanji mu Januwale 2012 kuti madandaulo awo amveke. Ndiye asanathamangitse mayi wa thumba limodzi la kachewere, atiwerengere kaye kuti phiri la malasha lasiya chiyani pano.

Wa Txopela: Mwaona? Ndi zomwe ndikunena ine. Ndalama ikapita kutali imasochera.

Achimwene a ku Moatize: Ayi achimwene, musandikokere kumbali yanu. Mukati aliyense apereke mwakufuna, woyamba kuvina ndi mwini mgodi. Adzamanga kalasi imodzi, n'kupentapo dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu, n'kuitana a wailesi, basi nkhani yatha. Ine ndikufuna alipire mokakamizidwa, komanso zochuluka.

Mukukumbukanso Januwale 2022, namondwe Ana atadula mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize? Mukanayendetsa chipewa m'mabaraka kuti tiukonze, mukanamaliza liti? Ndipo njira yanu yoti wagalimoto alipire msewu ilipo kale, dzina lake portagem. Chisankho cha Okutobala 2024 chitapita, ndi chimodzi mwa zinthu zimene anthu anakana kulipira, makamaka ku Maputo. Inuyo mukafika pa portagem mumaimba nyimbo yachisangalalo?

Wa Txopela: Kkkk ndimatukwana chamumtima.

Mkulu wa Mpingo: Walira mvula walira matope, mwana wanga.

Anamwino: Ndakhala ndikungowerenga, ndalowa ya usiku. Ndiyankhepo za wodwala alipire chipatala. Kuchipatala chaching'ono cha boma munthu amalipira metikali imodzi kuti aonedwe, ndi mametikali 5 a mankhwala. Sikelo ya amayi ndi ana, katemera, ma ARV, mankhwala a TB, zonsezi palibe kulipira. Metikali imodziyo singagule ngakhale magolovesi amene ndavala pokugwirani. Ndiye pali wina amene akulipira, ndipo wina ameneyo ndi inu nomwe kudzera mu msonkho, pamodzi ndi othandiza akunja.

Mu 2022 poliyo wa mtundu wachilengedwe uja (wild polio) anapezeka mwa mwana ku Changara, patapita zaka 30 dziko lino lisanamuonenso, miyezi yochepa atapezekanso ku Lilongwe. Tinayenda khomo ndi khomo ndi mabokosi ozizira paphewa, kudontheza m'kamwa mwa mwana aliyense wosakwana zaka zisanu, kumupaka inki pachala, kulemba choko pachitseko. Ena ankatibisira ana kuseri kwa nkhokwe, zaulere zomwezo. Nanga tikanati alipire? Katemera amateteza mudzi pokhapokha pafupifupi ana onse alandira. Mwana wa wokana kulipira amakadwalitsa khanda la wolipira lomwe silinamalize katemera wake.

Ndipo chopereka cha kumtima ife a zaumoyo timachidziwa bwino kuposa nonsenu, dzina lake thandizo lakunja. Ma ARV ndi maneti ambiri akhala akugulidwa ndi ndalama za Global Fund ndi boma la America. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri lakunja, kenako USAID n'kutsekedwa. Ma activista amene ankalondola m'midzi odwala osiya mankhwala, ambiri anangouzidwa kuti bakhalani kunyumba. Wopereka mwakufuna amasiyanso mwakufuna, ndipo sungamutengere kubwalo kwa amfumu. Boma lako ungalikalipire, ungalikanenso pachisankho.

Wa ku Joni: Kulikana pachisankho? Kkkkk achemwali, tisayambe imeneyo, gulu lingatsekedwe.

Woyang'anira Gulu: Za zipani ayi chonde abale, tinagwirizana. Za msonkho pitirizani.

Mayi a Tadala: Anamwino, nanga bwanji nthawi zina timaima pamzere m'mawa wonse n'kungopatsidwa kapepala kuti kaguleni ku farmácia yapanja?

Anamwino: Chifukwa pashelefu pamakhala palibe kanthu, mayi. Nthawi zina sanatumize. Nthawi zina atumiza koma atulukira khomo lakumbuyo, mumawaona nokha pamsika ali padzuwa pafupi ndi tomato. Wogulitsayo ndi wakuba, sindimuikira kumbuyo. Koma ogulawo ndi ife tomwe.

Mlimi wa Kachewere: Ife a m'malire zimenezo sizitidetsa nkhawa kwambiri. Mwana akatentha thupi timangodumpha msewu wa M1, kuchipatala cha boma cha ku Malawi, osalipira kanthu. Akafunsa mudzi umatchula wa amalume.

Mkulu wa Mpingo: Ndiye inu mukudya thukuta la eni ake. Zaulere zimenezo alipira ndi a Malawi.

Mlimi wa Kachewere: Abambo, kachewere wanga ndimagulitsa pa Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off, tikiti ya msika ndimadula komweko, sopo ndi mchere ndimagula komweko ndi makwacha. Msonkho wanga wambiri uli ku Lilongwe. Ndipo njala ikavuta kwawoko chimanga amadzagula kuno ndi njinga. Tinabwezerana kalekale.

Wa ku Furancungo: Kuno kwathu kuli njira ina yapakati imene simunaitchule. Lamulo limati 20% ya ndalama zimene boma latolera kwa odula mitengo ndi osaka nyama ibwerere kumidzi kumene zinthuzo zachokera. Dongosolo lake linakhazikitsidwa mu 2005, ndipo ku Mágoè kunali kale Tchuma Tchato kuyambira m'zaka za m'ma 1990, yogawana ndalama za nyama zakutchire. Ndi msonkho ndithu, wodula mlombwa sapereka chifukwa chokonda anthu, koma chochita nayo amasankha ndi mudzi. Kuti ifike pamafunika komiti yodziwika kuboma ndi akaunti ya kubanki yokhala ndi osainira angapo. Kumene komiti ili maso ndaonako chigayo ndi kalasi ya malata. Kumene komiti ili m'thumba la munthu mmodzi ndaonako njinga yamoto yatsopano ndi mkazi wachiwiri. Ndiye a Txopela, musati ndalama imasochera ikapita kutali kokha. Imatha kusochera pakati pa bwalo la amfumu ndi nyumba yachitatu.

Aphunzitsi Opuma: Eya, tisadziyeretse. Mu 2006 boma la a Guebuza linayamba kutumiza mametikali 7 miliyoni ku distrito iliyonse. Ndalamayo inasanduka ngongole zoti anthu ayambire ulimi ndi timabizinesi, n'kubweza kuti anzawo akongolenso. Obweza anali ochepa zedi. Anthu ankati ndi ya boma, ilibe mwini. Ena ndimapemphera nawo, chakhumi sajomba. Anthu omwewo ndi amene mukuti mwezi ukatha adzakumbukira okha malipiro a anamwino?

Wa Txopela: Chabwino, mwandipanikiza pakona. Mlatho ndi katemera ndavomera. Koma bwanji osatilola kusankha? Polipira layisensi andifunse kuti ndalama yako ipite kumsewu, kusukulu kapena kuchipatala. Kulipira ndilipire mokakamizidwa, koma kolowera ndinene ndine.

NaPhiri wa Mjigo: Inu mudzasankha msewu chifukwa cha matayala anu, ine mjigo, a Kachewere kamlatho ka kudimba kwawo. Nanga chakudya cha akaidi adzasankha ndani? Nanga chipatala cha odwala misala? Ndipo wolipira zambiri ndiye adzasankhira tonse, msewu wa phula n'kukathera pageti pake.

Ine chimene chinandipulumutsa pamjigo ndi pepala. Mwezi ukatha ndimalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti zalowa zakuti, timaraba tagula mwakuti, mekaniki watenga zakuti, zatsala zakuti, n'kukhoma pamtengo wa pamjigo pomwepo, malisiti ndawamata m'munsi. Osadziwa kuwerenga amawawerengera ana asukulu. Chiyambireni zimenezo otukwana achepa, ngakhale loko akadalipo. Mayi wina amene ankandinena kuti chitenje changa chatsopano n'cha ndalama ya mjigo, pano ndi amene amatolera kumbali yakwawo. A senya ya pamsika akanachita chimodzimodzi, a Kachewere akanadziwa kuti chimbudzi chawo chinathera pati.

Mlimi wa Kachewere: Pepala limenelo pamsika lingagone usiku umodzi? M'mawa mudzapeza akulungira usipa.

Wa ku Joni: Mayi, pepala lanu ndi la mametikali 20. Nanga la mabiliyoni tikalikhoma pamtengo uti?

Aphunzitsi Opuma: Lilipo, mwana wanga. Chaka chilichonse boma limatulutsa Conta Geral do Estado, buku la mmene ndalama zalowera ndi kutulukira, ndipo Tribunal Administrativo imaliunika n'kulemba zolakwika zimene yapeza. Mabungwe olimbana ndi katangale ngati CIP amaliwerenga n'kufuula. Vuto ndi lakuti lili m'Chipwitikizi cha maloya, masamba ake ndi mtolo, ndipo munthu wa ku Tsangano sadzaliona. Chimene ine ndimalakalaka n'chakuti gawo la distrito yathu lokha lizimveka pa wailesi ya m'dera m'chinenero chathu, monga amalengezera maliro: msewu wakuti unapatsidwa zakuti, kontirakita ndi wakuti, ntchito itha mwezi wakuti. Kulinso conselho consultivo, bwalo la oimira anthu, kuyambira ku localidade, ku posto mpaka ku distrito, kumene nkhani zotere ziyenera kufunsidwa. Kodi pagulu pano alipo amene akudziwa dzina la womuimira kumeneko?

Wa ku Furancungo: Ine ndikumudziwa, ndi uja wa njinga yamoto yatsopano.

Wa ku Joni: Kkkkkk mwamaliza. Aphunzitsi, kuwerenga amawerenga, kufuula amafuula, koma obweza ndalama sitiwaona. Ine ya mjigo wa NaPhiri ndingatumize lero lomwe pa M-Pesa ndi mtima woyera. Ya ku Maputo ndimapereka chifukwa sindingachitire mwina.

Mkulu wa Mpingo: Ngakhale ya NaPhiri anthu akupereka chifukwa cha loko. Inu mukuikonda chifukwa simutunga pamenepo.

Achimwene a ku Moatize: Ndipo a ku Joni, kumeneko VAT simulipira? Mukumangira eni ake misewu kwinaku mukutinyoza ife.

Wa ku Joni: Ndimalipira, 15%. Akuba aliponso kuno, musaganize kuti ndi kumwamba. Kungoti ambulansi ukaiitana nthawi zina imabwera.

Wa Txopela: Ine layisensi ndikalipira Lolemba, koma lisiti ndilijambula ndiliponye pano. Chaka chamawa mwezi ngati uno tidzaonere limodzi ngati dzenje la panjira yanga lidzakhale litakwiriridwa.

Mayi a Tadala: Aphunzitsi, musanagone mundiyankhe ichi chokha. Ya mlonda ija ndikapanda kupereka, ali ndi mphamvu yomubweza mwana?

Aphunzitsi Opuma: Alibe, mayi. Unduna wa maphunziro wakhala ukunena mobwerezabwereza kuti zopereka zotere n'zosakakamiza, ndipo mwana sayenera kukanizidwa kulembetsa kapena kulowa m'kalasi chifukwa cha zimenezo. Koma musapite ndi mkwiyo, mlondayo nayenso ali ndi ana, ndipo akachoka mabuku ndi zitseko zidzatha. Kapempheni kuti nkhaniyi ikambidwe pamsonkhano wa makolo, anene kuti ADE yabwera zingati chaka chino, mlonda amalandira zingati, ndipo makolo apereka zingati. Mukatenge amayi anzanu awiri atatu, musakalowe nokha mu ofesi.

Mayi a Tadala: Zikomo aphunzitsi. Mawa Tadala ndimuperekeza ndekha. NaPhiri, mundijambulire pepala lanu lija munditumizire kumbali, ndikawaonetse mmene amalembera.